Mbiri ya a Keir Hardie, wokumba malasha amene anayambitsa cipani ca Labour ku Britain

Cipani ca Labour ca ku Britain calamulirapo dziko limenelo kangapo, ndipo catulutsa nduna zazikulu monga a Clement Attlee, a Harold Wilson ndi a Tony Blair. Koma munthu amene ambiri amamuyesa tate wa cipanici sanakhalepo nduna ya boma ngakhale tsiku limodzi. Iwo ndi a James Keir Hardie a ku Scotland, amene analowa m'mgodi wa malasha ali ndi zaka 10 ndipo anamwalira m'caka ca 1915. Mfundo imene anaimapo moyo wao wonse inali yakuti anthu ogwira nchito ayenera kukhala ndi cipani caocao, cosadalira zipani za anthu olemera, ndi kuti umphawi uthetsedwe mwa kuponya voti ndi kupanga malamulo m'malo mwa kutenga zida.

Ubwana wa umphawi

A Hardie anabadwa pa 15 August, 1856, m'dera la Lanarkshire, kufupi ndi kamzinda ka Holytown. Amai ao, a Mary Keir, anali wanchito wa m'nyumba za eni, ndipo anabereka mwanayu asanakwatiwe. Pambuyo pake anakwatiwa ndi a David Hardie, kalipentala wa zombo, ndipo banjali linasamukira mumzinda wa Glasgow kukafuna nchito m'malo okhomera zombo. Ndalama za sukulu panalibe. Makolo ndiwo anaphunzitsa mwanayu kuwerenga nthawi ya madzulo, ndipo pofika zaka 7 anali atayamba kale nchito yotumidwa uku ndi uku pa kampani ina ya zombo.

Nkhani ina ya nthawi imeneyo a Hardie anaifotokoza okha atakula. Iwo anali kugwira nchito kwa munthu wophika ndi kugulitsa buledi, pamene atate ao owalera anali pa ulova cifukwa eni makampani a zombo anali atatsekera anchito kunja. Amai anali ndi pakati, ndipo mng'ono wao anali kudwala mwakayakaya. Tindalama ta mnyamatayu nditimene tinali kudyetsa nyumba yonse. Atacedwa kawiri kufika pa nchito cifukwa cocezera matenda usiku, bwana anamucotsa nchito ndi kumulanda malipiro amene anali atagwirira kale. Mng'ono uja anamwalira.

Banjali litabwerera ku Lanarkshire, mnyamatayu analowa m'mgodi. Nchito yake yoyamba inali yotsegula ndi kutseka citseko ca mphepo pansi pa nthaka, kuti mpweya wabwino uzifika kumene amuna anali kukumba. Anali kukhala yekha mumdima kwa maola 10 pa tsiku. Akaweruka anali kupita ku sukulu ya usiku ku Holytown. Pofika zaka 20 anali katswiri wokumba malasha, wodziwa kulemba ndi kuwerenga bwino. Analowa mpingo wa Evangelical Union ndiponso kagulu kolimbana ndi kumwa mowa, ndipo kumeneko ndiko anaphunzirira kulankhula pamaso pa anthu ambiri.

Mtsogoleri wa anchito a m'migodi

Cifukwa ca luso la kulankhula, anzao anayamba kuwasankha kukapereka madandaulo kwa eni migodi. Izi zinawadyetsa nchito. Eni migodi anawapitikitsa pamodzi ndi abale ao, napangana kuti asawalembenso nchito m'migodi ya dera limenelo. M'caka ca 1879 anchito anawasankha kukhala woimira bungwe lao ku Hamilton. M'caka ca 1880 anatsogolera kunyanyala nchito ku Lanarkshire popanda thumba la ndalama lothandizira mabanja, kotero kuti anthu anali kudalira mbatata zimene amasitolo anali kuwapatsa pa ngongole. Iwo ndi akazi ao a Lillie Wilson anali kuphikira ana a onyanyalawo cakudya pa nyumba pao. Kunyanyalako kunalephera.

Atasamukira ku Cumnock, m'dera la Ayrshire, anatsogoleranso kunyanyala kwina m'caka ca 1881. Anchito anali kufuna kuti malipiro akwere ndi 10 peresenti, ndipo anakhala milungu 10 osalowa m'mgodi, koma anabwerera ku nchito cimanjamanja, ngakhale kuti malipiro anadzakwera patapita nthawi yocepa. Pofuna kudyetsa banja, a Hardie anayamba kulembera nyuzipepala ya Ardrossan and Saltcoats Herald. M'caka ca 1886 anakhala mlembi wa bungwe la anchito a m'migodi ya ku Ayrshire, ndipo caka cotsatira anayambitsa nyuzipepala yaoyao yochedwa The Miner, imene pambuyo pake inasintha dzina kukhala Labour Leader.

Kunyanyala kolephera kuja kunawaphunzitsa kuti njala imagonjetsa wanchito msanga kuposa bwana. Anaona kuti maola a nchito, citetezo pansi pa mgodi ndi cipukuta misozi ca ovulala n'zinthu zofunika lamulo, ndipo malamulo amapangidwa m'nyumba ya malamulo ku London.

Kusiyana ndi cipani ca Liberal

Masiku amenewo ku Britain kunali zipani ziwiri zikuluzikulu, ca Conservative ndi ca Liberal. Malamulo a m'zaka za 1867 ndi 1884 anali atapatsa amuna ambiri ogwira nchito ufulu woponya voti, ndipo oculuka mwa iwo anali kuvotera cipani ca Liberal. Anchito ena a m'migodi, monga a Thomas Burt amene anasankhidwa m'caka ca 1874, anali aphungu pansi pa cipani cimeneci. A Hardie naonso poyamba anali a Liberal. Koma anaona kuti m'madera ambiri akuluakulu a cipanico anali eni migodi ndi eni mafakitale omwewo, ndipo pempho lakuti nchito ya m'mgodi isapitirire maola 8 pa tsiku silinali kupita patsogolo.

M'mwezi wa April, 1888, kunacitika masankho acibwereza m'dera la Mid Lanarkshire. A cipani ca Liberal anakana kuimika wanchito wa m'mgodi, nasankha loya wocokera kwina. A Hardie anaima paokha m'dzina la anchito. Akuluakulu a Liberal anawanyengerera kuti asiye, powalonjeza dera lina pa masankho otsatira pamodzi ndi malipiro a caka ndi caka, koma iwo anakana. Anapeza mavoti 617 okha ndipo anakhala akumapeto. M'mwezi wa August caka comweco anathandiza kukhazikitsa cipani ca Scottish Labour Party, ndipo anakhala mlembi wake.

Mwai unapezeka m'caka ca 1892 m'dera la West Ham South, kum'mawa kwa London, kumene kunali anchito ambiri a pa doko ndi m'mafakitale. Cipani ca Liberal sicinaimike munthu, ndipo a Hardie anagonjetsa woimira Conservative ndi mavoti 5,268 kwa 4,036. Aphungu a nthawi imeneyo anali kuvala majekete akuda aatali ndi zisote zazitali za anthu olemera. A Hardie analowa m'nyumba ya malamulo atavala suti wamba ndi kapusi yansalu, ndipo manyuzipepala anawaseka kwambiri. Posakhalitsa anachuka monga phungu wa anthu osowa nchito, popeza nkhani ya ulova sinali kucoka pakamwa pao. Anali kupemphanso ndalama za penshoni za okalamba, maphunziro aulere ndi msonkho wokulirapo kwa opeza zambiri.

M'mwezi wa January, 1893, pa msonkhano umene unacitikira mumzinda wa Bradford, panabadwa cipani ca Independent Labour Party, ndipo a Hardie ndiwo anali wapampando. Colinga ca cipanici cinali cakuti migodi, nthaka ndi mafakitale zikhale za anthu onse pamodzi. Imeneyi ndiyo soshalizimu, koma soshalizimu ya a Hardie inazikika kwambiri pa cikhristu ndi pa zimene anaona ndi maso ao m'migodi, kuposa pa mabuku a Karl Marx.

Pa 23 June, 1894, mgodi wa Albion ku Cilfynydd, m'dziko la Wales, unaphulika ndi kupha amuna ndi anyamata 290. Tsiku lomwelo m'banja lacifumu munabadwa mwana amene anadzakhala Mfumu Edward VIII. Nyumba ya malamulo inakonza uthenga wa mafuno abwino kwa Mfumukazi Victoria. A Hardie anapempha kuti pakhalenso uthenga wopepesa mabanja a anchito ophedwawo, koma boma linakana. Pamenepo anaimirira okha ndi kudzudzula ufumu poyera, aphungu anzao akuwakuwiza. Pa masankho a 1895 anataya mpando wao, ndipo anthu onse 28 amene cipani cao cinaimika analephera.

Kubadwa kwa cipani ca Labour

Kulephera kwa 1895 kunaonetsa kuti cipani ca anthu a soshalizimu okhaokha sicingapite patali. Mamembala ambiri ndi ndalama zinali m'mabungwe a anchito, ndipo atsogoleri ambiri a mabungwewo sanali kufuna kumva za soshalizimu. Kwa zaka zisanu a Hardie anayenda m'mizinda ndi m'midzi ya migodi, kulankhula m'misewu ndi m'maholo, kukopa mabungwewo kuti agwirizane ndi a soshalizimu pa cinthu cimodzi cokha, comwe ndi kutumiza aphungu a anchito ku nyumba ya malamulo.

Pa 27 February, 1900, nthumwi 129 zinakumana mu Memorial Hall, mumsewu wa Farringdon ku London. Panali mabungwe a anchito, Independent Labour Party, kagulu ka anthu ophunzira ka Fabian Society, ndi Social Democratic Federation imene inali kutsatira ziphunzitso za Marx. Ena anafuna kuti bungwe latsopanoli lilengeze nkhondo ya pakati pa anchito ndi olemera, pamene ena anafuna kuti likhalebe mumthunzi wa cipani ca Liberal. Msonkhano unavomereza mfundo ya a Hardie, yakuti pakhale gulu la aphungu a anchito loima palokha, lokhala ndi mfundo zakezake, koma lokonzeka kugwirizana ndi cipani ciliconse pa lamulo lopindulira anchito. Bungweli linachedwa Labour Representation Committee, ndipo mlembi wake anali a Ramsay MacDonald. Pa masankho a caka comweco linapeza aphungu awiri okha: a Richard Bell ku Derby, ndi a Hardie ku Merthyr Tydfil, dera la migodi ndi zitsulo ku Wales, limene analiimira mpaka imfa yao.

Cimene cinalimbitsa bungweli ndi mlandu wa Taff Vale. M'caka ca 1901 oweruza a House of Lords anagamula kuti kampani ya sitima za pamtunda ya Taff Vale ili ndi ufulu wolipiritsa bungwe la anchito cifukwa ca ndalama zimene inataya pa nthawi ya kunyanyala. Bungwelo linalipira kampaniyo mapaundi 23,000, osawerengera ndalama za mlandu. Mabungwe ena anaona kuti kunyanyala kulikonse kukhoza kuwagwetsa, ndipo ambiri analowa m'gulu latsopanoli. M'caka ca 1903 a MacDonald anapangana mwamseri ndi cipani ca Liberal kuti asamapikisane m'madera ena. Pangano limeneli linaonetsa kuti kuima paokha kumene a Hardie anali kulalikira kunali ndi malire ake, koma linabala zipatso. Pa masankho a 1906 gululi linapeza mipando 29, ndipo linatenga dzina lakuti Labour Party.

Aphunguwo anasankha a Hardie kukhala mtsogoleri wao woyamba, atapambana a David Shackleton ndi voti imodzi yokha, 15 kwa 14. M'caka comweco boma la Liberal linakhazikitsa lamulo lofafaniza cigamulo ca Taff Vale, ndi lina lolola makhonsolo kudyetsa ana osauka m'masukulu. M'caka ca 1908 panabwera penshoni ya masheleni 5 pa mlungu kwa okalamba osauka a zaka 70 kupita m'tsogolo, ndiponso lamulo la maola 8 m'migodi ya malasha, limene a Hardie analimenyera kwa zaka zoposa 20.

Ngakhale zinali tero, utsogoleri wa m'nyumba ya malamulo sunawayenere. Anali munthu wokonda kuyenda yekha, wosapirira misonkhano ya makomiti, ndipo anzao anali kudandaula kuti sawafunsa nzeru. Anatula udindowo m'caka ca 1908, ndipo a Arthur Henderson analowa m'malo mwao.

Nkhani zimene zinawadanitsa ndi anthu

A Hardie anali kuikira kumbuyo nkhani zimene ngakhale anchito anzao ambiri sanali kuzifuna. Anacirikiza ufulu wa akazi woponya voti, ndipo anali bwenzi la banja la a Emmeline Pankhurst, amene anatsogolera akazi pa nkhondo imeneyi. M'nyumba ya malamulo anadzudzula kudyetsa mokakamiza akazi amene anali kukana cakudya m'ndende. Anatsutsanso nkhondo ya pakati pa Britain ndi Mabunu ya 1899 mpaka 1902.

M'zaka za 1907 ndi 1908 anayendera maiko angapo. Ku India ananena kuti anthu a dzikolo ayenera kudzilamulira, ndipo manyuzipepala a ku London anawanena kuti akuutsa cipanduko. Ku South Africa ananena kuti mabungwe a anchito alandire anthu akuda mofanana ndi azungu, ndipo magulu a azungu anasokoneza misonkhano yao ndi kuwagenda. M'caka ca 1909, pamene nyumba ya malamulo ya Britain inali kukambirana lamulo lokhazikitsa Union of South Africa, iwo anali mmodzi wa aphungu owerengeka amene anatsutsa ndime zoletsa anthu akuda kukhala aphungu. Lamulolo linadutsa momwemo.

Koma mbiri yao ili ndi banga lake. M'zaka za m'ma 1880, ali mtsogoleri wa anchito ku Ayrshire, analankhula mau onyoza anchito ocokera ku Lithuania amene eni makampani anawabweretsa pa malipiro ocepa, ndipo anafuna kuti anthu otere aletsedwe kulowa m'dzikolo. Mkwiyo umene unayenera kupita kwa olemba nchito unagwera anthu osauka anzao.

Nkhondo ndi imfa

A Hardie anali kukhulupirira kuti anchito a maiko onse ndi abale, ndipo sangavomere kuphana cifukwa ca mafumu ndi eni cuma. Pa msonkhano wa zipani za soshalizimu ku Copenhagen m'caka ca 1910, iwo ndi a Édouard Vaillant a ku France anapempha kuti nkhondo ikayandikira, anchito a maiko onse anyanyale nchito pamodzi. Pa 2 August, 1914, analankhula pa msonkhano waukulu wokana nkhondo ku Trafalgar Square mu London. Patapita masiku awiri Britain inalowa m'nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Anchito a ku Germany, ku France ndi ku Britain anatsatira maboma ao, ndipo aphungu ambiri a Labour anavomereza nkhondoyo. Pa 6 August, ku Aberdare, m'dera lao lomwe, khamu la anthu linawakuwiza mpaka mau ao osamveka.

Zimenezi zinawasweka mtima, ndipo thanzi lao linafooka. M'mwezi wa May, 1915, a Henderson analowa m'boma la mgwirizano loyendetsa nkhondo. A Hardie anadwala matenda ofa ziwalo, kenaka cibayo, ndipo anamwalira mumzinda wa Glasgow pa 26 September, 1915, ali ndi zaka 59. Pa masankho acibwereza ku Merthyr Tydfil mpando wao unatengedwa ndi a Charles Stanton, wocirikiza nkhondo amene anali pakati pa owasokoneza ku Aberdare.

Zimene cipanici cinacita pambuyo pao

M'caka ca 1918 cipani ca Labour cinalemba m'malamulo ake colinga cakuti cuma cacikulu ca dziko cikhale ca anthu onse. M'mwezi wa January, 1924, a MacDonald anapanga boma loyamba la Labour, limene linakhala miyezi 9 cabe. Cipani ca Independent Labour Party, cimene a Hardie anayambitsa, cinapatukana ndi Labour m'caka ca 1932 ndipo cinazilala pang'onopang'ono. Pa masankho a 1945 Labour inapeza mipando 393 motsogoleredwa ndi a Attlee. Boma limeneli linatenga migodi ya malasha kukhala ya dziko pa 1 January, 1947, linapereka ufulu wodzilamulira kwa India caka comweco, ndipo pa 5 July, 1948, linatsegula dongosolo la zipatala zaulere la National Health Service. Nduna imene inayendetsa nchito ya zipatalayi, a Aneurin Bevan, naonso analowa m'mgodi wa malasha ali mnyamata.

Mbiriyi ikukhudzanso dziko lathu lino. Anchito a m'migodi ya mkuwa ku Copperbelt ananyanyala nchito m'zaka za 1935 ndi 1940 alibe bungwe lovomerezeka, ndipo maulendo onse awiri anthu anaomberedwa ndi kufa. M'caka ca 1947 boma la Labour linatumiza a William Comrie, a m'mabungwe a anchito a ku Scotland, kudzathandiza anthu akuda a mu Northern Rhodesia kukhazikitsa mabungwe ao. M'caka ca 1949 panabadwa African Mineworkers' Union motsogoleredwa ndi a Lawrence Katilungu. Komabe boma lomwelo la Labour ndilo linatsegula zokambirana za citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, cimene boma la Conservative linadzakhazikitsa m'caka ca 1953 anthu akuda akukana. Ndipo azungu a ku Southern Rhodesia atalengeza ufulu wao mosatsata lamulo m'caka ca 1965, a Kenneth Kaunda anakangana kwambiri ndi a Wilson, amene anakana kutumiza asilikali kukathetsa kupandukako.

M'caka ca 1995 a Blair anasintha ndime ya 1918 ija, ndipo kuyambira pamenepo mamembala akhala akutsutsana ngati cipanici cikali kutsata njira ya amene anaciyambitsa. Mbali zonse ziwiri zimachula dzina la a Hardie: ena amakumbuka munthu wosagonja amene anaima yekha m'caka ca 1894, ena amakumbuka munthu amene m'caka ca 1900 analolera kuika pambali liu la soshalizimu kuti mabungwe a anchito alowe. M'mwezi wa July, 2024, patapita zaka 124 cikhazikitsidwire ndi aphungu awiri, cipanici cinapambananso masankho motsogoleredwa ndi a Keir Starmer. Ku Cumnock, kumene a Hardie anakhala zaka zoposa 30, kuli cipilala ca cikumbutso cao patsogolo pa holo ya mzindawo.